Kodi galimoto yamakono mukaisunga idzasanduka chuma?

Pali nkhani ziwiri zimene zikuyendera limodzi masiku ano, ndipo zikusokoneza anthu ambiri. Yoyamba timaiona pa foni: galimoto yakalekale yagulitsidwa pa okushoni ku Ulaya kapena ku America pa ndalama zosati n'kuwerenga. Yachiwiri timaimva konkuno, pa depoti ya Ntcheu kapena pamsika wa Lizulu: wina anagula Sienta, waiyendetsa zaka zitatu kunyamula anthu ndi matumba a mbatata, koma pogulitsa wapeza makwacha ochuluka kuposa amene anagulira. Anthu akalumikiza nkhani ziwirizi akuti galimoto tsopano ndi malo osungirako ndalama, ndipo ena afika poganiza zogula yatsopano n'kuitsekera m'galaja kuti idzapindulire ana awo.

Nkhani ziwirizi sizili pachibale ngakhale pang'ono. Tiyeni tizilekanitse.

Galimoto kukwera mtengo, kapena kwacha kutsika?

Galimoto wamba imayamba kutsika mtengo tsiku lomwe yatuluka kwa wogulitsa. Injini imatha, mipando imang'ambika, kampani imatulutsa mtundu watsopano, ndipo wogula wotsatira safuna kulipira ndalama yofanana ndi ya woyamba. Zimenezi n'zimene zimatipatsa ife magalimoto. Ku Japan galimoto imapita kokayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama zambiri. Ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakweranso. Eni ake amaona kuti kuli bwino angoigulitsa, ndipo ma Vitz, ma Passo, ma Probox ndi ma Mira amene adzaza msewu wa M1 amafika kuno kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban atatsika kale mtengo kwambiri.

Nanga bwanji kuno imaoneka ngati ikukwera? Yankho lili pa kwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Galimoto timagula ndi madola. Dola ikakwera, galimoto iliyonse imene ili kale m'dziko muno imakwera nayo, chifukwa woitanitsa yatsopano alipira zambiri.

Tiyerekeze ndi masamu. Munthu wagula galimoto pa K4 miliyoni mu 2021, pamene dola inali pa makwacha pafupifupi 800. Ndiye kuti walipira madola 5,000. Mu 2024 waigulitsa pa K7 miliyoni, dola ili pa makwacha pafupifupi 1,750 ku banki. Wapeza madola 4,000. M'thumba muli K3 miliyoni yoonjezera, koma akati aitanitse galimoto ina yonga yomweyo apeza kuti ndalama yapereŵera, makamaka poti madola a ku banki ndi osowa ndipo a pamsika wamseri ndi okwera kuposa pamenepo. Komabe tisamunyoze munthuyu. Akanasunga K4 miliyoni yakeyo pansi pa matiresi, bwenzi atataya zambiri zedi. Galimoto yamuteteza ku mbali ina ya kugwa kwa kwacha, ndipo imeneyo ndi ntchito yeniyeni. Kungoti simenti, malata kapena puloti zikanamutetezanso chimodzimodzi, ndipo palibe amene amati malata ndi chinthu chamakedzana.

Galimoto imene anthu amalimbirana pa okushoni

Bungwe la FIVA, lomwe limagwirizanitsa makalabu a magalimoto akale padziko lonse, limati galimoto yamakedzana ndi imene yakwanitsa zaka 30, yosamalidwa monga inalili, ndipo siyendetsedwa tsiku ndi tsiku ngati ya ntchito. Ku Britain galimoto imasiya kulipira msonkho wa pamsewu ikafika zaka 40. Koma zaka pazokha sizipatsa galimoto mtengo. Zikanakhala choncho, zigoba zimene zili kuseri kwa magalaja a pa Mphate zikanalemeretsa eni ake kalekale.

Galimoto yodula kuposa zonse zimene zinagulitsidwapo pa okushoni ndi Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya 1955. Inapita pa mayuro 135 miliyoni mu May 2022, mumzinda wa Stuttgart. Kampani inapanga ziwiri zokha. Ferrari 250 GTO, imene inapangidwa pakati pa 1962 ndi 1964, inatuluka 36 basi, ndipo imodzi inagulidwa pa madola 48.4 miliyoni mu 2018. Magalimoto amenewa anali osowa kuyambira tsiku lobadwa, anapangidwira mipikisano, ndipo mbiri yawo inalembedwa bwino.

Tsopano yerekezani ndi Toyota Corolla. Inayamba mu 1966, ndipo pofika 2021 inali itagulitsidwa yoposa 50 miliyoni. Ndi galimoto yabwino, mwina yokhulupirika kuposa ma Ferrari onsewo, koma wofuna Corolla sasowa kopita. Mtengo wa pa okushoni umabwera pamene anthu olemera angapo akufuna chinthu chimodzi chomwe sichipezekanso kwina.

Ogula otere amayang'ananso chinthu china chimene kuno sitichilabadira kwenikweni: kodi galimotoyo ili monga inatulukira ku fakitale? Injini ikhale yomweyo, nambala zake zigwirizane ndi za pamapepala, penti ikhale yoyambirira ngati n'kotheka. Ife luso lathu ndi losiyana ndi zimenezo. Makaniko wa kwathu amaika injini ya Toyota mu Land Rover, kuwotcherera masipuling'i a lole pa pikiapu, galimoto n'kuyendanso zaka khumi pamsewu wa Tsangano. Kwa mwini wake zimenezo n'zanzeru. Kwa wosonkhanitsa magalimoto, mtengo wathera pomwepo.

Zimene anthu ankasirira ali ana

Pakati pa Ferrari ndi Corolla pali gulu lina, ndipo ndi limene limapatsa anthu chiyembekezo. Awa ndi magalimoto amene sanali a mafumu, koma anakwera mtengo atakalamba. Chimene chimawakweza ndi m'badwo wa anthu. Mnyamata amene ankasirira galimoto ina ali ndi zaka 15 amadzakhala ndi ndalama ali ndi zaka 45, ndipo amapita kukaifuna.

Chitsanzo chodziwika ndi magalimoto othamanga a ku Japan a m'zaka za m'ma 1990, monga Toyota Supra ndi Nissan Skyline GT-R. Apa lamulo linathandizanso. Dziko la United States sililola kulowetsa galimoto yomwe sinapangidwe motsata malamulo ake mpaka itakwanitsa zaka 25. Skyline ya mtundu wa R32, ya 1989, inaloledwa mu 2014, ndipo ya R34, ya 1999, inayamba kuloledwa mu 2024. Chaka chololedwa chikamayandikira, mitengo ku Japan inkakwera chifukwa ogula ambirimbiri anali akudikirira kutsidya kwa nyanja.

Abale athu amene anakhalako ku Joni akudziwa za Gusheshe, BMW 325iS imene inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Inapangidwa yochepa, inatchuka m'malokeshoni, ndipo lero yosamalidwa bwino imafunidwa kwambiri. Land Rover Defender yakale nayo inakwera mtengo kampani itasiya kuipanga mu January 2016.

Koma taonani chimene chinachitikira magalimoto amenewa. Ambiri anayendetsedwa mpaka kutha. Ena anachita ngozi, ena anadyedwa ndi dzimbiri, ena anaphwasulidwa. Otsala abwinowo anakhala osowa chifukwa palibe amene ankaganiza zowasunga. Anthu akadziwiratu n'kuyamba kusunga onse, kusowako sikubwera.

Zinachitikapo ku America. Mu 1976 kampani ya Cadillac inalengeza kuti Eldorado ya chaka chimenecho ikhala galimoto yomaliza ya denga lotsegula yopangidwa m'dzikolo. Anthu anathamangira, ndipo zinagulidwa pafupifupi 14,000, zambiri n'kukatsekeredwa m'magalaja osayendetsedwa. Mu 1984 kampani yomweyo inatulutsanso Eldorado ya denga lotsegula. Ena mwa ogula aja anakasuma kukhoti, koma sanaphule kanthu. Masiku ano makampani anaphunzira kuti mawu oti "yomaliza" kapena "zapangidwa zochepa" amagulitsa malonda, ndipo amawagwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Ine ndikaona mawu amenewo pa galimoto yatsopano ndimayamba ndafunsa kuti ndi angati ena amene agula ndi maganizo ofanana ndi anga.

Mitengo ikafufuma

Msika wa magalimoto amakedzana umakwera n'kugwa monga misika ina. Enzo Ferrari atamwalira mu August 1988, anthu amene sankakonda n'komwe magalimoto anayamba kugula ma Ferrari ndi ngongole kuti adzagulitse mawa. F40, imene inatuluka mu 1987, inkagulitsidwanso pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri wa ku fakitale. Poyamba kunkamveka kuti zipangidwa 400, koma kampani inapanga zoposa 1,300. Chuma chitavuta kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, mitengo inagwa, ndipo ogula mochedwa anadikira zaka zambiri kuti ndalama yawo ibwerere.

Jaguar XJ220 inakumana ndi zoposa apo. Anthu anapereka chikole cha mapaundi 50,000 aliyense galimotoyo isanapangidwe. Pomwe inkatuluka mu 1992 mtengo unali mapaundi 470,000, injini inali yosiyana ndi imene anaonetsedwa poyamba, msika unali utagwa, ndipo ambiri anayesa kuthawa mgwirizano. Zinapangidwa zosakwana 300, komabe zina zinakhala zaka zisanapeze wogula. Kusowa kunalipo, ofuna ndiwo panalibe.

Nthawi ya Covid-19 mitengo inakweranso, ya magalimoto akale ndi ya ogwiritsidwa kale ntchito omwe, chifukwa mafakitale ankasowa tizipangizo ta kompyuta ndipo magalimoto atsopano ankachedwa. Kuyambira cha mu 2023 mitengo yambiri inabwerera pansi.

Vuto la galimoto yodzaza makompyuta

Apa ndi pamene galimoto yamakono ikusiyana kwambiri ndi ya makolo ake, ndipo ndi pamene akatswiri amatsutsana.

Peugeot 404 kapena Land Rover yakale ndi chitsulo, mawaya ochepa ndi kabuleta. Chikathyoka china, munthu wa luso akhoza kuchisula kapena kuchiwotcherera. Galimoto ya lero ili ndi timakompyuta tambirimbiri tolankhulana: ka injini, ka giyabokosi, ka mabuleki, ka makiyi, ka ma airbag. Pitani pa galaja iliyonse pa boma la Dedza muone mmene ntchito yasinthira. Kale makaniko ankatsegula boneti, kutchera khutu, n'kunena kuti vuto ndi mapulagi. Lero amayamba wagwada pansi pa chiwongolero, kulumikiza kamakina kake, n'kudikira kuti kamuuze nambala ya vuto. Nambala ikaloza kabokosi ka kompyuta, palibe chowotcherera. "Bwana, ichi n'chofunika china," ndipo chinacho chichokere ku Lilongwe, ku Dar es Salaam kapena ku Japan, nthawi zina n'kufunikanso wina wochilembetsa kuti galimoto ichivomere.

Lero zipangizo zimenezo zikupezeka chifukwa magalimoto a mtundu womwewo akuphwasulidwa ambiri. Funso ndi la zaka 30 zikubwerazi. Kampani siikakamizika kupanga kabokosi ka galimoto ya 2020 mpaka 2055. McLaren F1, galimoto ya m'zaka za m'ma 1990 imene inapangidwa 106 yokha ndipo lero ndi ya madola mamiliyoni ambiri, kwa nthawi yaitali inkafuna laputopu yakale ya Compaq kuti amakaniko alankhule ndi kompyuta yake, moti kampani inkachita kusakasaka malaputopu otha ntchito. Galimoto ya mtengo wotero anthu amaivutikira. Ya mtengo wamba, ndani adzaivutikire?

Palinso zimene zimadalira netiweki. Makampani a mafoni ku United States atazimitsa 3G mu 2022, magalimoto ambiri osakalamba n'komwe anataya zinthu monga kuitana thandizo pangozi ndi kutsegula zitseko ndi foni. Ndiye pali mabatire. Ma hybrid, oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Prius, imene inayamba mu 1997, ndi Aqua imene yachuluka kunoyi, ali ndi batire lalikulu limene limafooka ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo kuikhazika nthawi yaitali kumaliwononga msanga. Galimoto yamagetsi okhaokha ndiye batire ndi gawo lalikulu la mtengo wake wonse.

A mbali inayo ali ndi mfundo zawonso, ndipo si zopepuka. Amati m'badwo uliwonse unanenapo kuti magalimoto a nthawi yake ndi ovuta kukonza, koma amisiri anaphunzira. Magalimoto a m'ma 1990 aja analinso ndi makompyuta, ndipo lero kuli anthu amene ntchito yawo ndi kukonza timabokosi takale kapena kupanga tina tolowa m'malo. Amatinso dziko likusintha: mu 2023 mayiko a European Union anavomereza lamulo loti kuyambira 2035 magalimoto atsopano asamatulutse utsi, ngakhale kuti pakhala zokambirana zolifewetsa. Ngati injini za petulo ndi magiya osintha ndi dzanja zikupita kokatha, ndiye kuti omaliza abwino a mtundu umenewo akhoza kudzafunidwa. Amaloza magalimoto othamanga opangidwa ochepa, komanso osavuta ngati Land Cruiser 70, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1984 osasintha kwenikweni maonekedwe.

Kusunga kumadya ndalama

Kuno kwa Angoni chuma chosungidwa timachidziwa: ng'ombe. Ng'ombe imafuna khola, mbusa, mankhwala a nkhupakupa, koma imabereka, imapereka mkaka ndi ndowe, ndipo ikafika nthawi ya fizi kapena maliro wogula sasowa. Galimoto yotsekeredwa imafuna khola lakenso ndi chisamaliro chake, koma sibereka. Phindu lake lonse lili pa tsiku limodzi logulitsa, zaka 25 kapena 30 kutsogolo.

Pakati apo pali zambiri. Galimoto yosayenda imawonongeka mwa njira yake. Matayala amaphwa n'kusweka m'mbali, mabuleki amagwirana, malabala otseka oyilo amauma n'kuyamba kudontha. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ntchito imene inayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo petulo wotere akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi. Ku Dedza, ndi nkhungu ya m'miyezi ya June ndi July ija, chinyezi sichichita kuitanidwa. Ndiye makoswe. Galaja ikakhala pafupi ndi posungira chimanga, khoswe amamanga chisa pamwamba pa injini n'kutafuna mawaya, ndipo pa galimoto yamakono waya umodzi wodukira mkati mwa mtolo ukhoza kumusowetsa tulo makaniko sabata yathunthu. Osunga magalimoto kunja amalipira nyumba zoyezedwa kutentha ndi chinyezi, inshuwalansi yapadera, ndi munthu woiliza ndi kuiyendetsa pang'ono mwezi ndi mwezi. Mukamva kuti galimoto inagulidwa pa mtengo wakuti n'kugulitsidwa pa wakuti, ndalama zimenezi sizitchulidwa.

Ndipo pali ndalama imene simunaipeze chifukwa mpamba unagona m'galaja. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti. M'dziko la chiwongoladzanja chotere, ndi mitengo ya zinthu yokwera chaka ndi chaka, galimoto yoima iyenera kukwera mtengo mothamanga kwambiri kuti ingofanana ndi ndalama imene inaikidwa kwina. Probox yonyamula kabichi ndi tomato kuchoka ku Lizulu kupita ku Lilongwe ikutha, inde, koma ikubweza ndalama sabata iliyonse.

Adzagule ndani?

Galimoto yamakedzana imagulidwa ndi munthu amene ali kale ndi galimoto ina yoyendera, ndipo ali ndi ndalama yapadera yosangalalira. Anthu otere m'Malawi alipo, koma ndi ochepa. Wogula wambiri kuno amafunsa zinthu zitatu: imamwa bwanji mafuta, masipeya ake amapezeka, ndipo ingapirire msewu wafumbi? Pa mafunso amenewa Hilux ndi Land Cruiser zimapambana, n'chifukwa chake sizitsika mtengo msanga. Koma zikugulidwa kuti zikagwire ntchito, osati zikasungidwe.

Wina anganene kuti adzaigulitsa kunja. N'zotheka, ndipo chiwongolero chathu cha kumanja chimagwirizana ndi South Africa, Britain, Japan ndi Australia. Koma kumbukirani msonkho. Galimoto ikamalowa pa chipata cha Dedza, Mwanza kapena Songwe, MRA imalandira msonkho wotengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, ndipo ya injini yaikulu, yomwe ndi imene osonkhanitsa amakonda, imalipira wochuluka. Wogula wa ku London sadzakubwezerani msonkho umenewo. Iye adzayerekeza galimoto yanu ndi ina yonga yomweyo imene ili kwawo konko, yosafuna sitima. Ndiye kuti mwayamba mpikisano muli kale m'mbuyo.

Adzafunanso mapepala. Buku la umwini lokha silikwanira. Amafuna malisiti a sevisi iliyonse, umboni woti makilomita a pa dashibodi ndi enieni, ndi mbiri ya ngozi. Ambiri a ife sevisi timachitira pansi pa mtengo, kulipira pamanja, popanda cholembedwa. Amene akuganiza zosunga galimoto, kaya pa chifukwa chanji, fayilo ya malisiti ndi chinthu chotsika mtengo kwambiri chimene angayambe nacho lero.

Zimene sizinayankhidwe

Funso lalikulu ndi la ana amene ali ku pulayimale panopa. Kodi akadzafika zaka 45 adzasirira galimoto ya petulo yaphokoso, kapena adzaiona ngati chinthu chonunkha utsi cha agogo awo? Msika wonse wa magalimoto amakedzana wakhazikika pa chilakolako cha anthu amene sanakule, ndipo palibe angawafunse lero.

Lina ndi la mafuta ndi malamulo. Ngati mayiko olemera asamukira ku magetsi, petulo akhoza kudzakhala wosowa ndi wodula kumeneko, mizinda n'kuletsa injini zakale, kapena mwina malamulo adzapatula magalimoto amakedzana monga ena achitira kale. Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali ina: Japan ikadzachepetsa kupanga magalimoto a petulo, kodi amene ali kunowa adzakwera mtengo chifukwa chosowa olowa m'malo, kapena adzatsika chifukwa chosowa masipeya?

Pali funso la makompyuta: kodi makampani adzalola amisiri wamba kutsegula mapulogalamu a magalimoto akale, kapena galimoto idzafa tsiku limene kampani yasiya kuisamala? Ku Ulaya ndi ku America nkhani ya ufulu wokonza katundu wako ikadali mkangano m'nyumba za malamulo ndi m'makhoti.

Ndipo pali funso la kwathu kuno. Magalimoto amene ananyamula mbiri ya dziko lino, ma Peugeot a matola, ma Land Rover a ku mishoni ndi a boma, mabasi akale a kampani ya UTM (United Transport Malawi), ambiri anathera kwa ogula zitsulo zakutha. Kodi kudzabwera m'badwo wa Amalawi wofuna kulipira ndalama yeniyeni pa Sienta yosamalidwa bwino chifukwa ndi imene inkawapititsa kusukulu? Ndipo pa ma Sienta onse amene akupanikizana pa siteji ya Kampepuza lero, ndi angati adzakhale akadali ndi injini yawo yoyamba?